Mdyautsi pa selo ya kwa Madamu

Filesi sanagulepo chinthu pa mtengo umene wauzidwa. Funsani aliyense pamsika wa ku Glendale, pamene amayala mapoto akale, mbale ndi nsimbi zositira, akuuzani kuti mayi ameneyu akhoza kunenerera ngakhale bokosi la maliro anamfedwa ali pomwepo. Luso limeneli analitengera kwa bambo ake, malemu a Lazaro, amene ankagula njinga zakufa m'mapulazi n'kuzidzutsa. Iwo ankati ukafuna chinthu yamba wachinyoza, uchipezere chilema mwini wake akumva, ndalama zitsika zokha. Wogulitsa akatchula mtengo, a Lazaro ankayang'ana kumwamba, n'kukanda kuseri kwa khutu, kenaka n'kutembenuza chikhatho kawiri, osalankhula kanthu. Malonda akatheka, kaya iwo ndi ogula kaya ndi ogulitsa, pankayenera kukhala basela. Popanda basela ankati malondawo sanathe.

A Lazarowo anatisiya chaka chatha, ndipo bona yawo inali itayandikira, mwambo uja wa mowa ndi gule umene timatsanzikana nawo mzimu wa munthu kuti upite ukagone. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamudya Filesi mumtima. Ali pamphasa, mawu atatsala pang'ono kutha, bambo ake anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Pa bona yanga avine Mdyautsi. Akapanda kuvina, ine ndizingozungulira pano, simudzagona."

Ine ndine mkazi, ndiye za gule ndinena zokhazo zimene mkazi amaloledwa kunena. Zilombo za gule zimatuluka kumanda, si anthu ayi. Mwana wamkazi aliyense wa pa komboni amakula akudziwa zimenezi, ndipo zina zimene maso ake angaone, kaya chipsera chodziwika pa chigongono, kaya phazi lofanana ndi la mwamuna wa uje, zimathera m'mimba. Kunena poyera kuti nkhope ya chilombo ndi yosema, kapena kuti m'katimo muli munthu, ndi mlandu umene ngakhale mbuzi siutha bwinobwino. Timadziwa, sitinena, ndipo takhala choncho kuyambira makolo athu asanawoloke Zambezi kudzathyola fodya kuno.

Mdyautsi chinali chilombo cha pa pulazi pamene tinakulira. Nkhope yake inali yakuda bii, maso ofiira, ndipo chikamabwera fungo la utsi wa m'mabani oumitsira fodya linkayamba lafika. Chinkakoka mwendo wamanzere poyenda. A Lazaro nawonso ankakoka mwendo wamanzere chiwapondereni ngolo ya thalakitala, koma zimenezo zinangofanana, musandifunse zambiri. Chaka china anthu anavina maliro nthawi yothyola fodya, Lolemba kumunda kunapita anthu owerengeka, ndipo bwana wa pulaziyo, amene tinkamutcha Mandebvu, anakwiya. Analowa ndi agalu ake m'mitengo ya bulugamu kumene amuna amakumana, n'kutuluka atanyamula thumba. Kuyambira tsiku limenelo Mdyautsi sanaonekenso pabwalo.

Minda itagawidwa, ife tinabalalika kukagwira maganyu kwa eni ake atsopano. Mandebvu anamwalira, Madamu ake anatsala ndi nyumba yawo ya paphiri ndi kadimba ka maluwa. A Lazaro anapitako kangapo, chipewa kumanja, kukapempha kuti chilombocho chibwerere kwawo. Madamu ankangoti ndi chikumbutso cha amuna awo, n'kuwapatsa tiyi pakhomo la kukhitchini. Tsono Madamuwo nawonso anamwalira, ndipo ana awo a kunja kwa dziko analemba ntchito mtsikana wina wa ku Harare kuti achititse selo, agulitse zonse za m'nyumbamo tsiku la Loweruka.

Nkhaniyi anabwera nayo kumsika ndi a Januario, alongo awo a mayi ake a Filesi, amene ndi wamkulu wa gule kwathu kuno. Anakhala pa chitini, n'kudikira ogula achoke.

"Iwe Filesi, Loweruka tipitira limodzi kwa Madamu," anatero. "Ine sindingaime pa anthu n'kufunsa mtengo wa chilombo. Chilombo chili ndi mtengo? Ndikangofunsa, ndiye kuti ndaulula. Iwe ndiwe wamalonda, ukalankhule ndiwe. Koma usakachiyang'ane kumaso, usakachikhudze, ndipo usakatchule chimene chili."

"Nanga ndikanenerera bwanji chinthu chosachiona, malume?"

"Ndani wati ukanenerere? Akatchula, pereka."

Filesi anaseka, poganiza kuti nkhalambayo ikuchita nthabwala. Ataona kuti sikuseka, anafunsa za ndalama. Amuna a gule analibe kanthu, fodya anali asanagulidwe. Choncho anatenga mpamba wake wonse, madola makumi asanu a mapepala ofewa ndi thukuta la pamsika, n'kuwamanga m'kathumba ka m'chiuno. Kunena zoona zinamupweteka, koma mawu a bambo ake ankamupweteka koposa.

Loweruka lija ine ndinapita nawo, ndinkafuna beseni. Tinalowera geti lakumaso, chinthu chimene sitinachitepo chibadwire, ndipo miyendo inkangofuna kukhotera kukhitchini yokha. Nyumbayo inali itatsegulidwa zitseko zonse, katundu ali mbwee pakapinga. Chilichonse chinali ndi kapepala komata kolembedwa mtengo. Mbale ya galu inali nako, ndodo ya Madamu inali nako, ngakhale botolo la mankhwala lotsala theka. Masilipasi awo anali pa sitepe, akadali ndi maenje a zala, ngati mwini wake wangowavula kuti alowe m'bafa. Anthu anali ambiri koma ankalankhula monong'ona, palibe amene anawauza kutero.

Filesi ananyamula poto wina wobooka pansi, n'kuwerenga kapepala kake.

"Madola asanu ndi atatu? Poto wothira madzi m'moto? Ameneyu ku Glendale ndingamugulitse kwa ndani, wamisala?"

Mtsikana wogulitsayo, dzina lake Prudence, anali ndi chikwama cha ndalama pamimba ndi foni kumanja. Anayankha m'Chishona mosatopa, zikuoneka kuti anali atayankha kale anthu ambiri chimodzimodzi.

"Mitengo haisi yangu, mhamha. Vana vaMadam ndivo vakaisa, pafoni."

"Ana a Madamu! Anthu oti sanagulepo poto chibadwire, akutchula mitengo ali kutsidya kwa nyanja. Auzeni abwere adzaphikire okha."

Anamuponya potoyo pansi, mtima wake n'kukhalako bwino pang'ono. Kenaka anayang'ana kumene kunali malume ake. A Januario anali ataima pansi pa mtengo wa jakaranda, atafulatira nyumba, chipewa chili m'manja. Chapatali, kumapeto kwa kapinga, amayi a pa komboni yakale anali ataunjikana, nawonso atafulatira, ena atafunda zitenje kumutu. Filesi sanafunikire kufunsa kuti chinthucho chili kuti. Chinali pakhonde.

Anapita cham'mbali ngati nkhanu, maso ali pansi. Atafika pa sitepe, fungo linamulandira, fungo la utsi wa m'bani, lowawa, lokanda kukhosi. Pa pulazi imeneyo mabani anagwa kalekale, njerwa zake anthu anamangira zimbudzi. Ndi ngodya ya diso anaona mitu iwiri ya nyama zam'tchire ili pakhoma ndi nyanga zake, ndipo pakati pake panali chinthu chakuda. Khoma lonse linali loyera, koma kuzungulira chinthucho linali lada ndi mwaye, ngati wina wakhala akusonkhapo moto.

Prudence anabwera, n'kuwerama kutola kapepala pansi. Anakamata pa chinthu chakudacho mofulumira, n'kupukuta chala pa siketi.

"Kakungogwa kameneka chiyambire m'mawa," anatero, akuyesa Chichewa chake chothyokathyoka. "Nesi amene ankasamala Madam akuti masiku omaliza ankapempha kuti achitembenuzire kukhoma. Akachitembenuza, kukacha chayang'ananso kunja. Ini handizvide izvi, ndikungofuna chichoke."

"Chimene chili pakati pa nyangazo, sisi," anatero Filesi akuyang'ana zala zake za kumapazi, "imarii?"

"Masiki iyo? Fifite."

Madola makumi asanu. Ndalama yeniyeni imene inali m'chiuno mwake, osachepa osapitirira. Dzanja linapita pa kathumba, ndipo akanangomasula nthawi yomweyo, nkhani ino bwenzi palibe. Koma munthu amene wanenerera moyo wake wonse sangomasula. Khosi lake linadzuka lokha kuyang'ana kudenga, chala chinapita chokha kuseri kwa khutu. Kanali kanthawi kochepa chabe, koma kanakwanira.

"Ndinopa sevente."

Amene anakweza mtengoyo anali mwamuna wovala nsapato zoyera ndi magalasi akuda, wonunkhira mafuta odula. Tinamva pambuyo pake kuti dzina lake ndi Learnmore, ndipo ali ndi shopu ku Harare yogulitsa zosemasema kwa alendo ndi eni malo ogona. Sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Anatambasula manja, n'kuchotsa Mdyautsi pa msomali, n'kumukweza m'mwamba kuti amuone bwino padzuwa. Kukapinga kuja kunamveka mfuu wa amayi. Wina anagwetsa mbale, ena anathawira kuseri kwa thanki ya madzi. A Januario sanatembenuke.

"Ndayamba kufunsa ndine, sisi," anatero Filesi.

"Anopa mari yakawanda ndiye anotora, mhamha. Wopereka zambiri ndiye atenge, ndizo andiuza."

Filesi anatembenukira kwa mwamunayo, maso akadali pansi, n'kuwomba m'manja mwaulemu. Sanapemphepo munthu chinthu pamalonda, koma tsiku limenelo anapempha.

"Bambo, chonde. Chimenecho ndi chilombo cha kwathu. Chinagwidwa kalekale, ine ndili mtsikana. Chiyenera kubwerera kwawo chikavine pa mwambo wa bambo anga. Pali zambiri pano, tengani nyangazo, tengani wotchi."

Learnmore anavula magalasi, nkhope yake n'kuwala.

"Saka yakatotamba? Inavinadi pa maliro enieni? Ndiye orijino iyi!" Anatembenukira kwa Prudence. "Eyite. Ndikupatsa eyite pompano."

Apa m'pamene Filesi anazindikira msampha umene anali. Akachilemekeza, mtengo ukukwera. Akanena zoona zimene mkazi amaloledwa kunena, munthuyo akuchifunitsitsa. Prudence anali atayamba kale kutsegula chikwama. Mdyautsi akapita ku Harare, akakhomedwanso pakhoma lina pamwamba pa anthu akumwa mowa wam'mabotolo, ndipo a Lazaro akazungulira pa komboni mpaka kalekale. Njira inali imodzi yokha, ndipo anamuphunzitsa ndi a Lazaro omwewo.

Anadzutsa mutu n'kuchiyang'ana kumaso.

Ine ndinali kuseri kwa thanki, koma Filesi anandiuza yekha kuti nkhopeyo inali yaing'ono kusiyana ndi mmene ankaikumbukira, ndipo kuti maso ofiirawo sanali kuyang'ana Learnmore amene anaigwira, kapena kumwamba kumene anailozetsa. Anali kuyang'ana iye. Anatulutsa mawu ake a pamsika, aja amamveka mpaka kokwerera makombi.

"Orijino yachani, bambo inu? Chikuni ichi! Anasema ndi bambo anga a Lazaro kuseri kwa bani, chipika cha mango, ine ndikuona. Kudaku ndi polishi wa nsapato. Tsitsili ndi mchira wa ng'ombe ya Mandebvu. Ankavala okha pa Khirisimasi kuseketsa ana a bwana kuti awaponyere masiwiti. Maliro ati amene chinavina?"

Amayi aja anatseka makutu ndi manja. Ngakhale njiwa za padenga zinaleka kulira, kapena ndi ine ndinaleka kumva, sindikudziwa.

Filesi sanaime. Anatambasula dzanja n'kugogoda pachipumi cha Mdyautsi ndi chala, gogogo, ndipo kafumbi koyera kanathothoka n'kugwera pa nsapato zoyera zija.

"Mwaona? Timabowo iti ndi ta anankafumbwe. Adya m'kati monse, chatsala ndi chikungwa. Kachiikeni m'shopu mwanu pamodzi ndi zosema zanu zodulazo, mwezi usanathe muzikasesa ufa. Tengani, bambo, perekani eyite yanuyo. Ine ndimangofuna chokumbukira bambo anga, koma inu muli ndi ndalama zotaya."

Learnmore anayang'ana nsapato zake, anayang'ana timabowo tija, n'kuika chinthucho pa tebulo mofulumira. Anapukuta manja ndi kansalu, anatukwana pang'ono m'Chishona, n'kupita kukaona mipando. Filesi anapambana.

"Zvakanaka, mhamha," anatero Prudence mokhumudwa. "Fifite yacho."

Apa ndiye pamene pamandikwiyitsa ine mpaka lero. Mdani wachoka, ndalama ili m'chiuno, yokwanira ndendende. Chinatsala n'chiyani? Koma pakamwa pa Filesi panali patatentha, ndipo pakamwa pakatentha sipamva za mwini wake.

"Fifite ya ufa? Sisi, mwamva nokha. Wa ku Harare wachikana. Chikatsala pano mukachitaya kudzala, ndiponso mukuchiopa. Faifi."

"Aiwa, mhamha! Vana vaMadam vanondiuraya, andipha ine. Sate."

"Sate ndigula mbuzi yamoyo, yoyenda ndi miyendo. Seveni."

Anakokanakokana choncho, Filesi akutchula zilema zina zimene sindingazibwereze, mpaka Prudence anakweza manja n'kuvomera madola khumi. Anakananso mapepala awiri kuti ndi ong'ambika, Filesi n'kumusinthira akung'ung'udza. Pomaliza, mwa chizolowezi, Filesi analoza katani yakale imene inali pa mpando.

"Basela, sisi. Yokulungira."

A Januario anabwera chafutambuyo mpaka pa sitepe. Anatenga kataniyo, anaphimba chilombocho asanatembenuke, n'kuchikulunga bwinobwino. Anachinyamula pachifuwa ndi manja awiri ngati mwana wodwala. Tinatuluka pageti, ndipo ine beseni ndinaliiwala.

"Wachivula chilombo pamaso pa akazi ndi alendo," anatero a Januario kwa Filesi, osamuyang'ana. "Watchula dzina la mlamu wanga. Wanamanso kuti ankavinira masiwiti."

"Chikanapita ku Harare, malume! Mukanakonda zimenezo? Inu munali chilili pansi pa mtengo, ine ndichite bwanji?"

"Zoyambazo ndazimva. Unalibe pothawira, ndipo mlandu wake tikanaukamba. Koma wa magalasi uja atachoka, unkalimbana ndi ndani?"



"Mtengo wa nkhuku," anatero a Januario. "Wagula Mdyautsi mtengo wa nkhuku, ndalama uli nazo m'chiuno."

Anakhotera njira ya kumabulugamu okha, ife tinapita kukadikira kombi. Titakhala pansi, ndinaona kanthu koyera pa chitenje cha Filesi, m'chiuno, pamwamba penipeni pa kathumba. Kanali kapepala komata kaja, kolembedwa fifite. Anakamatula n'kukataya pawindo, n'kunena kuti kanamumatirira pamene ankagogoda. Ine ndinavomera, chifukwa ndinkafuna kuti zikhale choncho.

Ndalama zotsalazo zinakana kugwira ntchito. Lolemba anapita nazo kukaoda mbale kwa mayi wina amene amagula kwa iye nthawi zonse. Mayiyo anazinunkhiza, n'kumubwezera, akuti zikununkha utsi ndipo zada, kubanki sakazilandira. Wa golosale anakananso, kondakitala wa kombi anakananso. Kuno dola yakuda timaikana tonse, si zachilendo, koma Filesi ankadziwa kuti mapepala amenewo anali abwinobwino Loweruka m'mawa. Anawayanika padzuwa, anawaika mu ufa, fungo osachoka. Anangowabwezera m'kathumba, ndipo ankayenda nawo kulikonse chifukwa kuwasiya m'nyumba ankaopa.

Mowa wa bona utapsa, a Januario anabwera kunyumba kwake. Anakana mpando, analankhula ali chiimire.

"Mawa kubwera zilombo zina. Mdyautsi satuluka."

"Malume!"

"Chilombo chonyozedwa sichivina. Tayesa kuchipepesa, chakana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene angayerekeze ku…" Anadziluma lilime, poti anali kulankhula ndi mkazi. "Chakana, basi."

Filesi analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira pa maliro. Ankati wataya ulemu wake, wataya dzina la bambo ake, ndipo chimene anatayira zonsezo sichichitika. Ankaopanso, ndipo ananena poyera kuti akuopa. Bambo ake sanali munthu wonena chinthu n'kuchisiya.

Bonayo inachitikira pabwalo lakale, pafupi ndi manda a pa komboni, pamene mwini munda watsopano amatilola kusonkhana tikamupatsa nkhuku. Anthu anabwera ochokera ku Mhangura ndi kwina, mowa unalipo wokwanira. Zilombo zinatuluka masana, zinavina, fumbi linakwera, amayi tinaimba mpaka mawu kusasa. Filesi anakhala pakati pathu, maso otupa, akuwomba m'manja mopanda moyo. Dzuwa litapendeka, chilombo chomaliza chinabwerera kumabulugamu, oimba ng'oma anayamba kupukuta thukuta, ndipo amayi ena anayamba kusonkhanitsa zikho.

Fungo ndi limene linayamba kufika. Mayi wina wachikulire pafupi nane anadzutsa mutu n'kununkhiza, kenaka anagwira mkono wanga mwamphamvu. Panalibe moto pafupi, panalibe mphepo. Kenaka tinamva phazi likukokeka m'masamba ouma, kwee, kwee, ndipo pakati pa mitengo panatuluka Mdyautsi, thupi lonse lili mwaye, nsanza zikulendewera m'chiuno, akukoka mwendo wamanzere.

Oimba ng'oma sanaimbe. Onse anayang'ana a Januario. Nkhalambayo inadzuka pa mpando, chipewa chinagwa, osachitola. Ndinaiona ikuyendetsa maso pa amuna onse amene anali pabwalopo, mmodzimmodzi, milomo ikugwedera. Itamaliza kuwawerenga inayambiranso, koma amuna onse analipo. Kenaka inakweza dzanja, ng'oma n'kuyamba, mozengereza poyamba. Amayi achikulire anakumbuka nyimbo imene sinaimbidwe chichokereni Mandebvu ndi thumba lija, ndipo anaiyamba ndi mawu oonda.

"Tsekani mabani, mwini utsi wafika,
tsekani mabani, ana alowe m'nyumba."

Mdyautsi sanavine. Anadutsa pakati pa bwalo molunjika, fumbi likutsata phazi lokokekalo, mpaka anaima pamaso pa Filesi. Ife tonse tinasendera m'mbuyo, iye anatsala yekha atagwada. Chilombo chikaima pamaso pako chimafuna kusupidwa, aliyense amadziwa, umaika kandalama pansi icho n'kupitirira. Filesi anamasula kathumba, anatulutsa dola imodzi, n'kuiika pafumbi.

Chilombocho chinayang'ana dolayo. Kenaka chinadzutsa nkhope kuyang'ana kumwamba. Dzanja lakuda linakwera pang'onopang'ono, n'kukanda kuseri kwa khutu. Linatsika, linatambasuka pamaso pa Filesi, chikhatho n'kutembenuka kawiri.

Filesi anatulutsa kamawu kamene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. Anaika dola ina. Nkhope inapitanso kumwamba, chikhatho chinatembenukanso. Anaika zisanu pamodzi, chimodzimodzi. Ng'oma zinkalira, nyimbo inkazungulira pomwepo, palibe amene analimba mtima kuisiya. Mulu wa mapepala akuda unkakula pafumbi, ndipo Mdyautsi sanasunthe phazi.

Kathumba katapepuka, Filesi anakapinda m'dzanja n'kunong'ona kuti, "Zatha." Ine ndinali kumbuyo kwake, ndinaona kuti munatsala pepala limodzi, ndipo ndinafuna kumumenya. Ngakhale pamenepo, mayi ameneyu! Chilombocho chinangoweramitsa mutu cham'mbali, n'kudikira. Sichinatembenuzenso chikhatho. Chinadikira monga amadikirira kholo limene likudziwa kuti mwana akunama, ndipo lili ndi nthawi.

Filesi anatembenuza kathumbako, n'kukakutumula. Pepala lomaliza linagwera pamuluwo.

"Pepani," anatero, misozi ikugwera pafumbi. "Simuli wa mtengo wa nkhuku. Pepani."

Mdyautsi anayang'ana muluwo nthawi yaitali. Kenaka phazi lamanzere lija linakokeka kutsogolo, chala chachikulu chinapatula dola imodzi pamuluwo, n'kuikankhira pang'onopang'ono mpaka inakhudza bondo la Filesi.

"Aba…"

Ndine ndinamutseka pakamwa. Ndinamugwira ndi manja awiri, mutu wake uli pachifuwa panga, ndipo ndinamva mawu otsalawo akutentha m'chikhatho changa. Anali atanena zokwanira chaka chimenecho.

Pamenepo ndiye Mdyautsi anavina. Amene tinamuona tili ana tikuti sanavinepo choncho. Mwendo wokokeka uja unkasesa bwalo, fumbi linaphimba dzuwa, amayi achikulire ankalira akuimba. Ng'oma zitafika pachimake anaima mwadzidzidzi, anawerama n'kukokolola ndalama zija, n'kutembenuka. Analowa m'mabulugamu osacheuka, ndipo palibe mwamuna amene anamuperekeza monga amachitira ndi zilombo zina. Onse anatsala pamene anali. Fungo la utsi linachedwerako pang'ono, kenaka linatha, tinayamba kumvanso fungo la mowa ndi thukuta lathu.

Anthu anabalalika mwakachetechete. Filesi anali akadali chogwada, dola ija ili m'dzanja. A Januario anabwera akuyenda ngati akalamba zaka khumi tsiku limodzi, n'kukhala pansi pambali pake, pafumbi pomwepo, chinthu chimene wamkulu wa gule sachita pakati pa akazi. Anayang'ana kumabulugamu, kenaka anayang'ana dzanja la mwana wa mlongo wawo.

"Wakusiyira basela?" anafunsa motsitsa mawu.

Filesi anafumbatula dzanja. Dolayo inali yoyera bwino, yosanunkha kanthu.

"Eya, malume."

Nkhalambayo inapuma mpweya wautali, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Ndiye malonda atha, mwanawe," inatero. "Apita."